Usiku umene kamera inalipo

Pa 21 Novembala 1934, mu holo ya Alvin Theatre ku New York, mtsikana wa zaka 26 dzina lake Ethel Merman anaima pasiteji n'kuyimba popanda maikolofoni, mawu ake n'kumveka mpaka ku mpando womalizira. Sewerolo linali Anything Goes, nyimbo zake anapeka Cole Porter, ndipo linaonetsedwa maulendo 420. Palibe kamera imene inalijambula mmene linalili pasiteji. Zimene zinatsala ndi zithunzi, zimbale za nyimbo zingapo, ndi zomwe atolankhani analemba m'mawa mwake. Basi.

Komatu lero mukasaka dzina lomweli pa foni mulipeza, lathunthu kapena zidutswa: sitima yaikulu yoyera itamangidwa pasiteji, amalinyero akugunditsa nsapato pansi mogwirizana, mayi wina dzina lake Sutton Foster akuwatsogolera uku akuseka ngati sakutopa. Ambiri amene amaonera zimenezi amaganiza kuti aona sewero la 1934. Chimene aona ndi sewero la 2021, lojambulidwa ku Barbican mu mzinda wa London. Pakati pa awiriwa pali zaka 87 za kudula, kusoka ndi kuiwala. Zaka zimenezi ndi zomwe zimandikopa ine, chifukwa ife okhala kutali ndi New York ndi London masewero amenewa timawadziwira pagalasi la foni basi. Nde ndi bwino kudziwa kuti zimene timaonazo zinafika bwanji pamenepo, ndipo zina zinatsalira kuti.

Mtundu wa zisudzo umenewu eni ake amati musical comedy: sewero la nthabwala lodzaza nyimbo ndi magule. Nkhani yake nthawi zambiri imakhala yopepuka ngati thonje. Mu Anything Goes, mnyamata wabisala m'sitima yopita ku England kutsatira mtsikana amene anatomeredwa kale ndi bwana wina wachizungu, ndipo akuthandizidwa ndi chigawenga chomwe chavala ngati m'busa. Nkhani yake ndi imeneyo. Koma paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Anthu ankapita kukamva Cole Porter, George Gershwin, Irving Berlin, Richard Rodgers, ndi kukaona munthu wamoyo akuchita zinthu zovuta pamaso pawo.

Hollywood inagula mayina, anthu n'kuwasiya

Mafilimu atangoyamba kulankhula, zinkaoneka ngati kamera ikhala bwenzi la siteji. Mu 1929 kampani ya Paramount inajambula The Cocoanuts, sewero la abale anayi otchedwa Marx Brothers, mu situdiyo ya ku Astoria ku New York komweko. Masana ankajambula, madzulo n'kuthamangira ku Broadway kukachita sewero lawo lina, Animal Crackers. Kamera za nthawi imeneyo zinkatsekeredwa m'kabokosi kuti phokoso lake lisalowe m'maikolofoni, choncho sizinkayendayenda. Mapepala amene azisudzo ankagwira ankayamba awanyowetsa kuti asachite phokoso. Chifukwa cha kuchepa kwa luso kumeneku, filimuyo imaoneka ngati siteji ndithu, ndipo ndi amodzi mwa mawindo ochepa amene tingasuzumirepo kuti tione Broadway ya m'ma 1920.

Luso litakula, Hollywood inasintha khalidwe. Inkagula dzina la sewero ndi nyimbo zotchuka ziwiri zitatu, zotsalazo n'kutaya. Anything Goes inakhala filimu mu 1936. Merman analimo, limodzi ndi Bing Crosby, koma nyimbo zambiri za Porter anazichotsa n'kuikamo za anthu ena. Mu 1956 anajambulanso ina ya dzina lomwelo, Crosby yemweyo, nkhani ina kotheratu.

Chopweteka kwambiri chinali kusiya anthu amene anaumba masewerowo ndi matupi awo. Julie Andrews anachita My Fair Lady kuyambira 1956, ku New York kenako ku London, koma filimu ya 1964 inapatsidwa Audrey Hepburn, ndipo nyimbo zake zambiri anamuyimbira mobisa ndi Marni Nixon. Merman anafika pachimake mu Gypsy mu 1959, koma filimu ya 1962 inapita kwa Rosalind Russell. Carol Channing ndiye anali mwini wake wa Hello, Dolly! mu 1964, koma mu filimu ya 1969 muli Barbra Streisand, mtsikana wosakwana zaka 30 akuchita mbali ya mayi wamasiye wachikulire. Mafilimu amenewa sindikuwanyoza, ena ndi okoma zedi. Kungoti amayi atatuwa, pa ntchito zimene anatchuka nazo kwambiri, tilibe chithunzi chawo chathunthu. Tili ndi mawu awo pa zimbale, ndi timphindi tochepa tomwe anaonekera pa mapologalamu a wailesi ya kanema.

Wailesi ya kanema ndi mantha a eni masewero

Njira yoyamba yolowetsera masewerowa m'nyumba za anthu inali wailesi ya kanema. Pa 28 Febuluwale 1954, NBC inaonetsa Anything Goes pompopompo, Merman ali ndi zaka 46, pambali pake Frank Sinatra ndi Bert Lahr. Sewero la maola awiri ndi kuposa analipanikiza kuti likwane ola limodzi, malonda omwe. Matepi a vidiyo kunalibe. Kuti chinthu chisungike, ankaloza kamera ya filimu pagalasi la TV n'kumajambula zimene zikuoneka, ngati mmene mnzanu amajambulira laputopu ndi foni. Chithunzi chake chimakhala chachimbuuzi, koma chinapulumuka, ndipo mu 2011 chinatuluka pa DVD.

Chaka chotsatira, pa 7 Marichi 1955, NBC inatenga Peter Pan, amene anali atangotseka kumene pa Broadway, ndi azisudzo ake omwewo motsogozedwa ndi Mary Martin, n'kumuonetsa pompopompo. Anthu pafupifupi 65 miliyoni anaonera usiku umodzi. Taganizani: holo ya Broadway imalowa anthu pakati pa 500 ndi 2,000. Kuti sewero lifikire anthu 65 miliyoni m'holo yotero lingafunike kuonetsedwa tsiku ndi tsiku kwa zaka pafupifupi 100.

Mungaganize kuti eni masewero anasangalala. Ambiri anachita mantha. Sewero la pa Broadway limadya ndalama sabata iliyonse: lendi ya holo, malipiro a azisudzo, oyimba zida, osoka zovala, oyatsa magetsi. Ndalama zonsezi zimachokera pa tikiti. Nanga munthu akalionera ulere ali pa sofa, adzagulanso tikiti? Mabungwe a ogwira ntchito nawo anali ndi nkhawa yawo, ndipo ine ndimaimvetsa. Wovina amalipidwa chifukwa cha thukuta la usiku umenewo. Chithunzi chake chikamagulitsidwa maulendo zikwizikwi iye atakalamba, maondo atatha, ndalamazo azidya ndani?

Mantha amenewa amaoneka bwino pa zimene zinachitika mu 1964. Richard Burton ankachita Hamlet pa Broadway, ndipo kampani ina inamujambula m'holo momwemo, anthu ali pamipando. Pangano linali loti filimuyo ionetsedwe masiku awiri okha m'nyumba za mafilimu, kenako makope onse awonongedwe. Kope imodzi inapezeka m'katundu wa Burton iye atamwalira, n'chifukwa chake filimuyo ilipo lero. Ngati Shakespeare ankamuchita zimenezi, nanga sewero la amalinyero ovina?

Mayi wa ku laibulale, ndi mabokosi a ku Secaucus

Munthu amene anatsegula chitseko sanali bwana wa kampani iliyonse. Anali mayi wina dzina lake Betty Corwin. Mu 1969 anapita ku New York Public Library ndi ganizo loti masewero azijambulidwa kuti asungidwe. Anayenda bungwe ndi bungwe kukambirana, mpaka onse anavomera, ndipo mu 1970 nkhokwe yotchedwa Theatre on Film and Tape Archive inayamba. Lero ili ndi masewero masauzande.

Koma chilolezocho chinabwera ndi loko. Zojambulazo sizigulitsidwa, sizituluka m'laibulale. Wofuna kuonera ayenera kupita yekha ku Lincoln Center, afotokoze chifukwa chake, akhale pa kagalasi momwemo. Kwa wophunzira wa ku New York ndi chuma. Kwa iwe ndi ine, ndi nkhokwe yodzaza chimanga kutsidya la nyanja.

Pa masewero a m'ma 1920 ndi 1930, ngakhale mayi Corwin anachedwa. Eni ake sankawaona ngati zinthu zoti n'kusunga. Sewero likatseka, zovala ankagulitsa, matabwa ankaphwasula, mapepala a oyimba zida ankangowaunjika penapake. Mu 1982, m'nyumba yosungiramo katundu ya kampani ya Warner Brothers ku Secaucus, m'boma la New Jersey, munapezeka mabokosi pafupifupi 80 odzaza mapepala a nyimbo za Gershwin, Jerome Kern, Porter ndi anzawo, zina zomwe aliyense ankati zinatayika. Anthu anayamba kumvanso mmene masewerowa ankamvekera poyamba. Mu 1994 holo ya New York City Center inayambitsa ndondomeko yotchedwa Encores!, yodzutsa masewero oiwalika kwa masiku ochepa ndi gulu lathunthu la oyimba zida. Chicago imene ikuonetsedwabe pa Broadway mpaka pano inadzukira kumeneko mu 1996.

Sewero lodzutsidwa limabwera litasintha

Apa ndi pamene pagona nkhani. Sewero lakale akamalidzutsa, sakhala ndi chithunzi choti atsanzire. Amakhala ndi mapepala, ndipo mapepalawo amawakonzanso.

Anything Goes inayamba kusokedwa isanabadwe n'komwe. Olemba oyamba anali Guy Bolton ndi P. G. Wodehouse. Mu Sepitembala 1934 sitima ya Morro Castle inapsa pafupi ndi gombe la New Jersey, anthu 137 n'kumwalira. Nkhani imene imakambidwa ndi yoti nthabwala za ngozi ya panyanja sizikanathekanso, choncho Howard Lindsay ndi Russel Crouse anaitanidwa kuti alembenso mwachangu. Ena amati mwini sewerolo, Vinton Freedley, anali ataona kale kuti zolembedwazo sizikugwira, ngoziyo inangomupatsa ponamizira. Mulimonsemo, la 1934 lenilenilo linali kale lachigamba.

Mu 1962 analidzutsa n'kulowetsamo nyimbo za Porter zochokera m'masewero ake ena. Nyimbo ya "Friendship", imene ambiri amaiyesa mtima wa Anything Goes, ndi ya sewero lina la 1939, Du Barry Was a Lady. Mu 1987, ku Lincoln Center, Timothy Crouse, mwana wa Russel uja, pamodzi ndi John Weidman, analembanso nkhani yonse, Patti LuPone n'kutenga malo a Merman. Mu 2011 Kathleen Marshall analitsogolera pa Broadway ndi Sutton Foster, n'kukulitsa magule. La ku Barbican la 2021 ndi mwana wa la 2011, mdzukulu wa la 1987. Ndipo Foster sanali woti akhalemo. Mbaliyo inali ya Megan Mullally, amene anavulala asanayambe. Chikanakhala kuti sanavulale, bwenzi nkhope imene dziko likuidziwa lero ili ina.

Pali zinanso zimene zimachotsedwa dala. Mu Anything Goes yakale munali anyamata awiri a ku China amene ntchito yawo inali yoti azisekedwa chifukwa cha kalankhulidwe kawo, ndipo azungu ankavala zovala zawo n'kumawatsanzira. M'zaka zaposachedwa alembi aja anakonzanso mbali imeneyi. Kiss Me, Kate, sewero lina la Porter la 1948, lili ndi malo amene mwamuna amamenya mkazi wake wakale kumatako pasiteji anthu n'kumaseka, ndipo nyimbo yakumapeto imalangiza akazi kugonjera amuna. Mu 2019, polidzutsa ndi Kelli O'Hara, anaitana Amanda Green kuti akonze mawu, kumenya kuja n'kuchoka.

Ine sindilira nazo zimenezi. Sindifuna kuthera bandulo yanga poonera munthu akunyozedwa chifukwa cha khungu kapena chilankhulo chake, poti ifenso masewero a nthawi imeneyo ankatijambula moipa chimodzimodzi. Chimene ndimafuna n'choti tidziwe kuti pachitika opaleshoni. Wachinyamata akaonera la 2021 n'kumati, "Aaa, anthu a 1934 anali ozindikira eti," ndiye kuti kamera yamunamiza mosadziwa. Anthu a 1934 ankaseka zinthu zimene ife sitingaseke, ndipo imeneyonso ndi mbiri.

N'chifukwa chiyani zambiri zimajambulidwa ku London?

Mukayang'ana bwino, muona chodabwitsa. Masewerowa ndi a ku America, koma zojambula zambiri zimene tili nazo ndi za ku England. Oklahoma! ya Trevor Nunn ya ku National Theatre mu 1998, imene inajambulidwa chaka chotsatira, muli mnyamata wa ku Australia wosadziwika kwenikweni nthawi imeneyo, Hugh Jackman, asanakhale Wolverine. Gypsy ya Imelda Staunton inajambulidwa ku Savoy mu 2015. 42nd Street, ya ovina oposa 40 pasiteji nthawi imodzi, ku Theatre Royal Drury Lane mu 2018. The King and I ku London Palladium chaka chomwecho. Kiss Me, Kate inajambulidwanso ku Barbican mu 2024.

Chifukwa chake ndi ndalama. Kujambula ku New York kumadula kwambiri, chifukwa pamafunika kugwirizana ndi mabungwe ambiri, aliyense ndi mtengo wake, kuwonjezera pa mabanja a olemba amene anamwalira ndi makampani a mafilimu amene anagula ufulu wa masewerowa kalekale. Ku London mitengo ndi yotsikirapo, ndipo kuyambira 2009, pamene National Theatre inayamba kutumiza masewero ake pompopompo ku nyumba za mafilimu, kunakula gulu la akatswiri odziwa kujambula siteji. Pologalamu ya Great Performances ya wailesi ya PBS ku America, imene inayamba mu 1972, nthawi zambiri imangotenga zojambula za ku London n'kuonetsa Amereka masewero awo omwe.

Zotsatira zake zimaoneka pa Kiss Me, Kate. Mu 1999 Michael Blakemore analidzutsa pa Broadway ndi Brian Stokes Mitchell ndi Marin Mazzie. Mitchell anapata mphoto ya Tony. Amene anawaona awiriwa amawasimbabe mpaka pano. Koma kamera inadikira mpaka sewerolo litasamukira ku Victoria Palace ku London, n'kujambula mu 2002, pomwe mbali zazikuluzo zinali m'manja mwa Brent Barrett ndi Rachel York. DVD imene inazungulira dziko ndi ya awiriwa. Amachita bwino, osakayika. Koma Mazzie anamwalira mu 2018, ndipo ntchito yake mu sewero limeneli anthu wamba sangaigule kulikonse. Amene anasankha si wodziwa zisudzo ayi, linasankha ndi thumba la ndalama.

Usiku wa 30 Juni 2016

Chinthu chinasintha pa 30 Juni 2016. Mu holo ya Studio 54 ku New York munkachitika She Loves Me, sewero la Jerry Bock, Sheldon Harnick ndi Joe Masteroff la 1963. Nkhani yake ndi ya anthu awiri ogwira ntchito mu shopu ya mafuta onunkhira ku Budapest, amene amadana pantchito koma amalemberana makalata achikondi osadziwa kuti ndi iwo omwe. Gwero lake ndi sewero la Miklós László la 1937, lomwenso linabala filimu ya You've Got Mail ya 1998. Mu 1963 silinachite bwino pa malonda, linatseka litaonetsedwa maulendo pafupifupi 300, koma okonda zisudzo ankalisunga pamtima.

Usiku umenewo kampani ya BroadwayHD, imene inayamba mu 2015, inaliulutsa pompopompo pa intaneti, koyamba m'mbiri ya Broadway. Laura Benanti, Zachary Levi, Jane Krakowski ndi Gavin Creel anachita pamaso pa anthu pafupifupi 1,000 a m'holo, ndi ena ambirimbiri pa makompyuta m'mayiko osiyanasiyana. Sewero limene linakhala zaka 53 likudziwika ndi ochepa linapeza anthu ake mwadzidzidzi.

Kenako kunabwera Covid. Pa 12 Marichi 2020 maholo onse a Broadway anatseka, ndipo ambiri anakhala otseka pafupifupi chaka ndi theka. Mwadzidzidzi zojambula zomwe eni masewero ankaziopa zija ndi zokhazo zimene zinatsala. Pa YouTube panabwera tchanelo ya The Shows Must Go On, yoonetsa sewero lathunthu ulere kwa tsiku limodzi kapena awiri kumapeto a sabata. Pa 3 Julayi 2020 Hamilton inatuluka pa Disney+, ndipo maholo atatsegulanso anthu sanasiye kugula matikiti ake. Anything Goes ya ku Barbican inali imodzi mwa masewero akuluakulu oyamba kutsegula ku London mliriwo utayamba kuchepa. Mukamvetsera mmene anthu akukuwira m'holo imeneyo, mukumva anthu amene anakhala miyezi yambiri atatsekeredwa m'nyumba. BBC Two inalionetsa pa 26 Disembala 2021. Chisangalalo chimenecho ndi cha 2021, ndipo chinalowa m'filimu n'kukhazikika.

Zimene kamera imachita kwa nthabwala ndi gule

Sewero lojambulidwa limaoneka ngati usiku umodzi, koma kawirikawiri amajambula mausiku awiri kapena atatu n'kulumikiza, nthawi zina n'kuwonjezera zina zojambulidwa holo ilibe anthu kuti kamera iyandikire. Ndiye pali munthu wachiwiri amene akukusankhirani poyang'ana. M'holo maso ndi anu. Mukhoza kusiya mtsikana woyimba n'kumayang'ana mkulu wina kumbali amene akungokweza nsidze. Pa foni, wojambula akapanda kumuonetsa, ndiye kuti kulibe.

Nthabwala ya pasiteji imadalira kudikira. Wazisudzo amaponya mawu, anthu amaseka, iye n'kudikira kuti kuseka kuyambe kutsika, kenako n'kuponya ena. Pamenepa zojambula za m'holo zimaposa mafilimu a Hollywood: kuseka kwa anthu enieni kumamveka, ndipo mumaona Robert Lindsay, chigawenga chovala ngati m'busa chija, akuwerenga holo ngati msodzi akuwerenga nyanja. Koma kamera ikayandikira kwambiri, nkhope yopangidwira munthu wa pampando wa nambala 30 imaoneka yokokomeza, thukuta ndi kamaikolofoni ka pachipumi zili poyera.

Gule ndiye amavutika kwambiri. Fred Astaire ankaumirira kuti m'mafilimu ake azimujambula thupi lonse, kuyambira kumutu mpaka kuphazi, osaduladuka. Ankadziwa kuti ukaonetsa mapazi okha, kapena nkhope yokha, wabisa chimene chikuvuta. Mu 42nd Street chokoma ndi kuchuluka kwa anthu ogunda pansi nthawi imodzi. Pagalasi la foni amasanduka nyerere. Ukawayandikira, kuchuluka kuja kwatha. Ine ndinazolowera kuvala mahedifoni, chifukwa pa foni gule wotere amamveka bwino kuposa mmene amaonekera.

Pali vuto linanso lathu lathu. Zambiri mwa zojambulazi zili pa BBC iPlayer kapena PBS, zomwe zimakana munthu amene ali kunja kwa dziko lawo. Zina zimafuna khadi la kubanki ndi madola. Maola awiri ndi theka a vidiyo amameza bandulo ngati njovu. N'chifukwa chake ambiri timadziwa masewerowa m'zidutswa za mphindi zitatu, kapena kudzera mu zojambula zakuba za munthu amene anabisa foni m'jekete, zomwe pa YouTube amazipatsa mayina abodza kuti zisachotsedwe. Azisudzo amadana nazo, ndipo ali ndi zifukwa. Mu 2009 Patti LuPone anaimitsa Gypsy pakati pa nyimbo n'kukalipira munthu amene ankamujambula zithunzi. Timadziwa bwino mmene anakalipira chifukwa munthu wina m'holo momwemo ankajambula mawu mobisa. Zinthu zake!

Amene analipo ndi amene kunalibe

Walira mvula walira matope. Tinkafuna kuti masewerowa ajambulidwe, ndipo akujambulidwa, koma chojambulidwa chimakhala ndi mphamvu yoposa msinkhu wake. Kale sewero lililonse lodzutsidwa linkafa likatseka, n'kusiyira malo lotsatira. Pano mwana wasukulu amene apatsidwe mbali ya Reno Sweeney ayamba waonera Sutton Foster maulendo 20. Usiku umodzi wa ku Barbican wasanduka muyezo wa sewero limene kwa zaka 87 linalibe maonekedwe amodzi.

Komabe mukandifunsa ngati ndikanakonda kuti kamera isabwere, ndikuuzani za Gavin Creel. Mu She Loves Me anachita mbali ya Kodaly, kalaliki wokongola, wonyenga akazi, woyimba mokoma moti umamukhululukira usanaganize. Chaka chotsatira, 2017, analowa mu Hello, Dolly! ya Bette Midler ku Shubert Theatre, imodzi mwa masewero odzutsidwa amene anagulitsa matikiti kwambiri m'zaka zimenezo. Kumeneko ndi kumene anapata Tony. Sewero limenelo silinatulutsidwe kuti anthu aonere kunyumba. Creel anamwalira ndi khansa pa 30 Sepitembala 2024, ali ndi zaka 48.

Ntchito imene anzake anaiona kuti ndi yopambana ili m'mitu ya anthu amene anakwanitsa tikiti ya ku New York mu 2017, ndipo idzapita nawo monga inapitira ya Merman. Ntchito ya chaka cham'mbuyo mwake aliyense wokhala ndi intaneti akhoza kuifuna n'kuipeza. Kusiyana kwake ndi kwakuti pa 30 Juni 2016 panali anthu amene anagwirizana za malipiro, n'kulola makamera kulowa m'holo.

Mukadzaonera limodzi mwa masewero amenewa, dikirani mpaka kumapeto mayina akamayenda, muone chaka ndi dzina la holo. Pamenepo ndi pamene palembedwa chimene mwaonadi.